Kope la agogo a pamlatho

Chapa yathu, minibasi imene tinakwera, inafera pafupi ndi mlatho wa kamtsinje kena, titatsika kale mapiri a ku Angonia koma tisanafike ku Moatize, nthawi itangopitirira 11 koloko m'mawa, m'mwezi wa Novembala pamene dzuwa la m'chigawo cha Tete ku Mozambique silichita nthabwala ndi munthu. Ndinanyamuka ku Ulongwe mbandakucha nditavala juzi, pakuti kwathu kumtunda kumachita kachisanu m'mawa ngakhale m'chilimwe, koma pofika pamalopo juziyo inali itasanduka chopukutira thukuta. Chimene chinaduka ndi lamba wa injini. Dalaivala anatiuza kuti mnzake abwera ndi lamba wina kuchokera ku Moatize posachedwa, ndipo aliyense amene anakwerapo chapa amadziwa kuti mawu akuti posachedwa sayendera wotchi.

Ndinali pa ulendo wa mumzinda wa Tete ku msonkhano wa masiku awiri, kumene akatswiri ofufuza ochokera m'mayunivesite a kuno ndi a kunja anaitana anthu ogwira ntchito ndi alimi kuti akatisonyeze mapulogalamu a pakompyuta othandiza kuyang'anira madzi. Ine ndimasunga mabuku a gulu la alimi a m'madimba, olima mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato, ndipo anandisankha chifukwa chakuti ndimamva Chipwitikizi komanso ndili ndi foni yolowa pa intaneti. Za madzi ndinkadziwa zochepa, kupatula mikangano ya amene akupopa kwambiri kumtunda.

Anzanga a m'chapa anathamangira pansi pa mtengo wa masawu umene unali m'mbali mwa msewu, koma mthunzi wake sunatikwanire tonse, motero ine ndinatsetserekera kunsi kwa mlatho. Kumeneko ndinapeza bambo wachikulire wa imvi, atavala malaya ochapidwa bwino ngakhale anali ong'ambika pakolala, akuyang'anitsitsa chitsulo chopyapyala cholembedwa manambala ngati rula ya kusukulu, chimene chinakhomedwa pa mzati m'mphepete mwa madzi. Zitsulo zoterozo zinalipo zingapo, china pamwamba pa chinzake, kukwera ndi gombe ngati makwerero. Madzi enieniwo anali kamzere chabe pakati pa mchenga, oti mwana angawalumphe osanyowetsa chidendene. Komabe mkuluyo anawerama, anawerenga nambala, anatulutsa kope m'pepala la pulasitiki, nalemba ndi pensulo mosafulumira.

Nditawapatsa moni ndi kuwafunsa chimene ankachita, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kenaka anati, “Mwana wanga, ndikufunsa mtsinje kuti wadzuka bwanji. Ndimaufunsa m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo umayankha ndi nambala.” Anandilola kutsegula kopelo. Tsamba lililonse linali ndi mizere yojambula pamanja, tsiku kumanzere ndi manambala atatu kumanja, ndipo m'mphepete munali timawu monga “mvula kumapiri” kapena “ng'ombe zagwedeza mzati”. Amalemba ndi pensulo chifukwa inki imafalikira pepala likanyowa. Akatha kulemba amakwera pa chulu chimene chili kuseri kwa nyumba yawo, poti ndi pokhapo pamene foni imagwira netiweki, n'kutumiza manambalawo pa uthenga wa pafoni kwa amene anawapatsa ntchitoyo. Foniyo ndi ya mabatani, ndipo amakaitchajitsa kwa mnyamata wina wa sola pa mametikali 10.

Atamva kuti ndine wa m'chapa yofa ija, sanafune kumva zoti ndikhale padzuwa. Ananditengera pakhonde pawo, ndipo mayi a pakhomopo anabweretsa madzi a mumtsuko, ozizira kuposa a m'botolo amene ndinagula pa mametikali 40 panjira, pamodzi ndi phala la malambe lowawasa bwino. Madziwo anali otungidwa m'dzenje lofukula mumchenga wa mtsinje womwewo, chifukwa mjigo wa m'mudzimo unali utawonongeka kuyambira nthawi yokolola. Ndinamwa makapu awiri ndili ndi manyazi, podziwa kuti aliyense mwa makapuwo anakwera gombe lija ali pamutu pa munthu.

Pakhondepo ndi pamene anandisimbira za Januwale wa 2022, pamene namondwe Ana anagwetsa chimvula m'chigawo chino ndi kumwera kwa Malawi. Anati madzulo anawerenga nambala ya pachitsulo chachiwiri, koma pakati pa usiku anamva mtsinje ukulira ngati galimoto zambiri zoyenda pamodzi, ndipo atapita ndi tochi anapeza chitsulo chomaliza chitamira. Anakwera pachulu m'mvulamo, koma foni sinagwire netiweki. Madzi a kamtsinje kawo amathira mu Revubwe, ndipo Revubwe ndi amene masiku omwewo anadula mlatho ndi kumiza nyumba za m'mphepete mwake kufupi ndi mzinda wa Tete. “Madzi saiwala khwawa,” anatero, “koma anthu a kumunsi sanadziwe kuti anyamuka kale kuno.” Chimene chimawawawa, monga anandiuzira, n'chakuti manambala amangopita osabwerera. Pa zaka zonse zimene akhala akulemba, palibe tsiku limene foni yawo inalira kuwauza kuti kumapiri kwagwa mvula yoopsa ndipo achotse mbuzi kudambo.

Lamba anafika cha m'ma 3 koloko. Za msewu wotsalawo ndilibe zambiri zonena, kupatula fumbi lakuda la malasha ku Moatize ndi mzere wa malole. Tinawoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel dzuwa likulowa, mlatho wolendewera pa zingwe umene unamalizidwa mu 1973, ndipo malole olemera masiku ano amadzera pa mlatho wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014. Amene mukupita ku Tete m'nyengo imeneyi musaumire ndalama ya chipinda. Ine ndinasankha chotchipa cha fani yokha, ndipo fanizo zimangotembenuza mpweya wotentha womwewo, moti ndinagona nditafunda thaulo lonyowa. Nsomba ya pende yowotcha ndiyo inandipepesa, ngakhale mtengo wake unali wa alendo. Mumzindamo anthu amalankhula Chinyungwe, ndipo wolankhula Chichewa akatchera khutu amatolapo ndithu, makamaka pa nkhani ya malonda.

M'mawa mwake msonkhano unayamba ndi mwambi wa mutu umodzi susenza denga, umene ndaumva pa msonkhano uliwonse wokhala ndi mawu akuti mgwirizano pa chikwangwani. Koma ndisaname, zimene anatisonyeza zinandigwira mtima. Mtsinje wa Zambezi ndi wa mayiko 8, omwe ndi Angola, Botswana, Malawi, Mozambique, Namibia, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo ambiri mwa mayikowa anasainirana pangano mu 2004 ku Kasane lokhazikitsa bungwe la ZAMCOM, limene likulu lake lili ku Harare. Bungweli lili ndi nkhokwe ya pakompyuta yotchedwa ZAMWIS, yoti mayiko azisungamo ndi kugawana zimene ayeza pa mitsinje yawo. Anatchulanso kafukufuku wa DAFNE, amene anayamba mu 2016 ndi thandizo la European Union motsogozedwa ndi yunivesite ya ETH Zurich, mmene munalinso University of Zambia ndi Universidade Eduardo Mondlane, wofufuza mmene madzi amodzi omwewo angagawidwire pakati pa magetsi, ulimi ndi chilengedwe. Msonkhano wathu sunali wa mabungwe amenewa, koma anawatchula pofuna kutisonyeza kuti ntchito yotereyi siyamba lero ndipo palibe dziko limene lingaigwire lokha.

Kwa munthu wa ku Tete mfundo imeneyi sivuta kuimva. Damu la Cahora Bassa ku Songo, lotalika mamita 171, limene linatsekedwa n'kuyamba kudzaza mu 1974, limapanga magetsi okwana mamegawati 2,075 makina ake onse asanu akamayenda, ndipo ambiri mwa magetsiwo amapita ku South Africa. Madzi ake ambiri amachokera kunja, ena atadutsa kale pa damu la Kariba, ena kudzera mu Kafue ndi mu Luangwa, mtsinje umene umathira mu Zambezi pa Zumbo. Woyang'anira damulo akasunga madzi ambiri, chigumula chikabwera amakakamizika kutsegula zitseko anthu a kumunsi, mpaka ku Mutarara, ali kale m'madzi. Akataya ambiri, chilala chonga cha 2024 chimamupeza nyanja ili yotsika ndipo magetsi amachepa. Pulogalamu ya pakompyuta imamuthandiza kuyesa njira zambirimbiri asanakhudze chitseko ngakhale chimodzi.

Mayi wina wachitsikana, mphunzitsi wa kuyunivesite, anatifotokozera mmene zimayendera, ndipo iye yekha ndi amene analankhula moti ndimve. Makina a m'mlengalenga amayeza kuzizira kwa pamwamba pa mitambo, ndipo kuchokera pamenepo amayerekeza mvula imene yagwa. Chiwerengero chotchedwa CHIRPS, chokonzedwa ku yunivesite ya California ku Santa Barbara, chimaphatikiza zimenezi ndi zoyeza pansi kuyambira mu 1981. Pulogalamu monga SWAT imatenga mvulayo, mtundu wa dothi, kutsetsereka kwa malo ndi zomera, n'kuwerengera madzi amene alowe pansi ndi amene athamangire kumtsinje. Ina yotchedwa WEAP, ya ku Stockholm Environment Institute, imasonyeza zimene zingatsalire a kumunsi ngati a kumtunda awonjezera mapampu. Atakulitsa chithunzi cha Angonia pakhoma ndinaona madimba athu ali obiriwira m'mbali mwa mtsinje pakati pa minda youma, ndipo ndinachita kuimirira pampando.

Kenaka anafika pa mawu amene anandibwezera pakhonde la dzulo lake. Anati pulogalamu iliyonse imayamba ndi kuphonya, ndipo imawongoledwa poyerekeza zimene ikunena ndi zimene munthu anaona pamtsinje. Nambala ya pachitsulo imangonena kuya kwa madzi, choncho akatswiri amayenera kupita kukayeza liwiro la madziwo pa nthawi zosiyanasiyana kuti adziwe kuti kuya kwakutikwakuti ndi madzi ochuluka bwanji. Chigumula chikakokolola gombe kapena kuunjika mchenga, mtsinje umasintha thupi, ndipo muyeso wakalewo umayamba kunama mpaka wina apitenso kukayeza. Anawonjeza kuti mabuku a mitsinje yambiri ya kuno ali ndi mipata ya zaka za nkhondo imene inatha mu 1992, pamene owerenga madzi anathawa pamodzi ndi anthu ena onse. Makolo anga anali ku Dedza zaka zimenezo, motero ndinamva bwino chimene mipatayo ikutanthauza. Ndinazindikiranso chinthu chimene sindinachiganizepo chikhalire: Revubwe amathira mu Zambezi kumunsi kwa Cahora Bassa, choncho damu lalikulu lija silingagwire ngakhale ndowa imodzi ya madzi otsika m'mapiri a kwathu. Madzi a ku Kariba amayenda masiku asanafike, koma a ku Angonia amafika mofulumira kwambiri, ndipo mlonda wawo ndi munthu wa pensulo uja.

Pa nthawi ya mafunso ndinaimika dzanja n'kusimba za agogowo. Ndinafunsa ngati pulogalamu yodziwa kuwerenga mitambo singathenso kutumiza uthenga waufupi m'Chichewa kapena m'Chinyungwe ku foni ya mabatani. Anayankha mwaulemu kuti n'zotheka ndithu ndipo zili m'gawo lotsatira la ntchitoyo, ngati thandizo la ndalama lipitirira. Apa ndi pamene mtima wanga umadandaula ndi ntchito za mgwirizano zoterezi. Zolemba za pa pulogalamuyo zinali m'Chingerezi, kufotokoza kunali m'Chipwitikizi, ndipo ife a ku Angonia, Tsangano ndi Macanga tinkanong'onezana m'Chichewa kumbuyo kuti tithandizane kumva. Mapu ake amafuna intaneti yamphamvu, moti nditayesa kuwatsegula pafoni yanga madzulo, bandulo ya mlungu wathunthu inatha ndisanaone mtsinje wathu. Palibenso amene ananena momveka kuti zaka za kafukufuku zikadzatha, ndani adzalipire kompyuta yosungira zonsezi, kapena kugula penti yolembera manambala amene afufutika pazitsulo.

Komabe sindinatuluke ndili wosalakwa. Mayi uja anandifunsa kuti gulu lathu lili ndi mapampu angati ndipo lililonse limapopa maola angati pa mlungu. Chiwerengero cha mapampu ndinachidziwa, chifukwa ndimalemba ndalama za petulo, koma za maola ndinangoti kukamwa yasa. Ife amene timakangana chaka chilichonse mu Okutobala za amene waumitsa mtsinje sitinalembepo ngakhale tsiku limodzi kuchuluka kwa madzi amene timatunga, pamene nkhalamba yosapopa n'komwe imalemba katatu patsiku. Anandipatsa fomu yosavuta yoti tizidzaza, ndipo ndinaimasulira m'Chichewa usiku womwewo pansi pa fani ija. Alimi athu ena akuikayikira, poopa kuti manambalawo adzabwerera ngati msonkho, ndipo mpaka lero ndilibe yankho lowakhutiritsa.

Pobwerera ndinagula mapensulo bokosi limodzi, makope awiri a chikuto cholimba ndi kasola kakang'ono kotchajira foni, kamene wogulitsa anayamba ndi mtengo wa mametikali 900 koma tinamvana pa 650. Ndinapempha kondakitala kuti tikaime pamlatho paja, ndipo anavomera nditamuwonjezera ya fanta. Agogowo sindinawapeze, anali atapita kumaliro kumudzi wina, motero katunduyo ndinasiyira mayi a pakhomo aja pamodzi ndi nambala yanga. Ndinawafunsa kuti nanga mtsinje aufunsa ndani lero, ndipo analoza mdzukulu wawo wamkazi wa zaka ngati 12, amene anali kukwera gombe kope lili m'pepala la pulasitiki kukhwapa. Dalaivala anali ataliza kale hutala kawiri.