Sulufule ndi chakudya, nitrate ndi mpweya

Tsopano mtima wakhala pansi. Chimene chinkandizunguza mutu n'choti ndinkayesa sulufule ndi mankhwala ogwira nitrate m'madzi a suweji. Ayi ndithu. Sulufuleyo ndi chakudya cha mabakiteriya monga Thiobacillus denitrificans, ndipo nitrate ndi chimene amapumira okosijeni akasowa. Kaboni womangira matupi awo amautenga ku bicarbonate, n'chifukwa chake safuna methanol, chakudya cha kaboni chimene chimathiridwa m'madzi pa njira ina yochotsera nitrate.

Werengani maelekitironi basi. Sulufule akamasanduka sulfate amapereka 6. Nayitulojeni wa mu nitrate akamasanduka mpweya wa N2 amalandira 5. Choncho sulufule 5 amakwanira nitrate 6, ndipo pamatsala H+ anayi, amene ndi asidi. Zina zonse zikuchokera pamenepa. Mukaphatikizapo kukula kwa mabakiteriya, miligalamu imodzi ya nitrate-N (nayitulojeni wa mu nitrate) imadya sulufule pafupifupi 2.5 mg, imabala sulfate pafupifupi 7.5 mg, ndipo imatha alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi) pafupifupi 4.5 mg poyeza ngati CaCO3 (calcium carbonate). Njira ya methanol ija imabweza alkalinity 3.57 mg, pamene iyi imadya. pH ikatsikira cha ku 6, ntchito imafooka, nitrite imayamba kuunjikana, ndi mpweya wa N2O womwe. Nachotu chifukwa chake miyala ya laimu, yobwezera alkalinity, imasakanizidwa ndi timibulu ta sulufule mu sefa, kawirikawiri magawo atatu a sulufule pa gawo limodzi la laimu.

Chimene chimandiwawa n'choti m'kalasi amangolemba equation yaitali ya ntchitoyi pabolodi, n'kunena kuti tiloweze, nthawi yatha. Mphindi zisanu zowerenga maelekitironi zikadapulumutsa masabata a anthu ambiri.

Sulufule sasungunuka m'madzi kwenikweni, choncho mabakiteriya amamatira pamwamba pa mbulu n'kumadya pomwepo. Liwiro limadalira kuchuluka kwa malo omatirapo, osati kulemera kwa sulufule amene mwathira. Timibulu ting'onoting'ono timafulumiza ntchito koma timatseka sefa msanga, ndiye ambiri amasankha ta mamilimita ochepa chabe. Thovu la N2 nalo limakanirira pakati pa timibulu, madzi n'kuyamba kudutsa njira imodzi yokha, ndipo sefa imafuna kutsukidwa pobweza madzi. Okosijeni akalowa, mabakiteriya omwewo amatembenukira kwa iye: sulufule akutha, asidi akuchuluka, nitrate ili chikhalire. Ammonia nayo sichoka pano, iyenera kuyamba yasanduka nitrate.

Ine ndikuona kuti pa madzi osowa kaboni palibe njira yoposa iyi. Palibe pampu yothira methanol, palibe mantha akuti mwathira wambiri n'kukweza BOD (muyeso wa zinthu zowola zodya okosijeni) ya madzi otuluka, matope ndi ochepa chifukwa mabakiteriyawa amakula pang'onopang'ono. Sefa imangokhala phee, n'kumagwira ntchito.

Koma sulfate ija sindinaigonjetse m'maganizo. Pa 7.5 mg, kuchotsa nitrate-N ya 33 mg pa lita kukufikitsani kale cha pa sulfate 250 mg pa lita, pamene madzi akumwa amayamba kumveka kukoma kwachilendo. Laimu nayenso akuwonjezera calcium. Ena amathirako kaboni pang'ono kuti magulu awiri a mabakiteriya, odya sulufule ndi odya kaboniyo, agawane nitrate, alkalinity ya gulu lina izilipira ya linzake. Papepala zikukoma. Koma mukatero, kodi simunabwezenso pampu imene ndimaikana ija? Apa mtima wanga ukadali pawiri.