Tinakaphunzira kujambula galafu ku Dedza

Loweruka lapitali kalabu ya sayansi ya pa CDSS yathu inakacheza kwa anzathu a pa sekondale ina ya boma ku Dedza. Chotitengera kumeneko chinali labotale. Kwathu fizikisi timangoionera pa bolodi, chonsecho pa mayeso a MSCE a MANEB amafuna munthu agwire zipangizo ndi manja. Titafika anatilandira ndi tiyi ndi mbatata ya kachewere, poti kuzizira kwake n'kwa Dedza, kenako anatisakaniza m'magulu ndi eni sukulu.

Ntchito inali kupachika sipuling'i, kukolowekapo zitsulo za 100 g chimodzichimodzi mpaka 500 g, n'kumawerenga pa rula kuti yatamuka bwanji. Ndi lamulo lija Robert Hooke wa ku England analisindikiza mu 1678, loti sipuling'i imatamuka molingana ndi mphamvu yoikoka, bola usaipyoze malire. Chitsulo cha 100 g chimakoka ndi mphamvu ya pafupifupi 1 N (newton, muyezo wa mphamvu). Kuyezako kunatha msanga. Tsiku linathera pa pepala la galafu.

Amadamu a fizikisi anayamba ndi mizere iwiri. Chomwe ukusintha wekha, monga mphamvu yokoka, chimapita pa mzere wogona. Chomwe ukuyeza chimapita pa woima, ndipo uliwonse ulembedwe dzina ndi muyezo wake, N kapena cm. Pa sikelo ndi pomwe anakhalitsa. Bokosi lalikulu la pa pepala la galafu liimire 1, 2, 5 kapena 10, osati 3, chifukwa lili ndi timabokosi 10 m'litali mwake: ukasankha 3, kabokosi kalikonse kamakhala 0.3, ndiye 1 amagwera pakati pa mizere, uyambe kuganizira. Galafu idzaze kuposa theka la pepala, ndipo nambala iliyonse ichongedwe ndi kamtanda kakang'ono ka pensulo yosongoka.

Chimene chinandigwira mtima chinachitika pa gulu loyandikana nalo. Timitanda tawo tinandandalika bwino, koma ka 300 g kanadumphira pamwamba pakokha. Mnyamata wina anatola labala. Amadamu anamugwira dzanja: "Iwe, siya kaye. Kazungulize ndi pensulo, ukayezenso." Atabwereza zinapezeka kuti amene anayeza poyamba ankawerenga rula ataimirira, diso lili pamwamba. Atagwada kuti diso lilingane ndi nsonga ya sipuling'i, nambala inatsika n'kulowa mumzere.

Anatiletsanso kulumikiza timitanda kamodzikamodzi ngati mano a sowo. Umagoneka rula yoonekera, kuisendeza mpaka timitanda totsala pamwamba ndi pansi tilingane, n'kulemba mzere umodzi wowongoka. Pofuna gradient, yomwe ndi muyezo wa kupendekeka kwa mzerewo, tirayango yomwe umajambula poiwerengera ikhale yaikulu, ngodya zake zitengedwe pa mzerewo osati mu tebulo.

Ena amati ndi kompyuta zonsezi n'zosafunikanso. Ine ndikukana. Kamtanda kosokera kaja mnyamata uja anakazindikira chifukwa dzanja lake linanyamuka kupita komwe samayembekezera, zipangizo zikadali pa benchi.

Tinagwirizana kuti teremu ikubwerayi iwo abwere kwathu ndi ma thermometer, zipangizo zoyezera kutentha, tidzayeze mmene madzi otentha amazizirira. Galafu yake imakhota, ndiye idzajambulidwa ndi dzanja popanda rula. Membala aliyense apezeretu pensulo ya HB ndi rula yoonekera ya 30 cm. Mapepala a galafu agula ndi a patironi.