Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Zithunzi Zimene Ndinapachika ndi Kutsitsa

M'gawo lapitalo ndinalekezera pa tsiku limene ndinalandira makiyi a ofesi ya mphunzitsi wamkulu mu 1993, pa sukulu ina ya pulayimale ya kumunsi kwa Zomba, mbali ya ku Jali. Ndinalonjeza kufotokoza za ana ndi makolo a kumeneko, koma mundilole ndiyambe ndapatukira pa nkhani imene yandikhala pamtima chichokereni achimwene anga aakulu, amene mwezi watha anadzagona kwathu ku Chinamwali pochokera kuchipatala. Titatha kudya nsima ya matemba iwo anausa moyo nati, "Achimwene, inu nenani zonse zimene munganene, koma dziko lino linali ndi mtsogoleri mmodzi yekha, ndipo tinamuika m'manda mu 1997." Mawu otere ndawamva kambirimbiri m'minibasi ndi pamaliro, koma usiku umenewo anandisowetsa tulo, chifukwa pa masukulu atatu amene ndinatsogolera ndinatsitsa ndi manja angawa zithunzi za atsogoleri anayi, ndipo chachisanu ndinachisiya pakhoma popuma ntchito mu 2018.

Ndinabadwa mu 1958, chaka chimene Dr. Hastings Kamuzu Banda anabwerera kuno kwawo, ndipo ndinakula pamene Zomba anali likulu la dziko. Bambo anga anali mesenjala m'maofesi a boma, ndipo likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975 anapita nalo, kutisiya ife ndi amayi. Tawuni inazizira ngati mudzi wa pamaliro. Chimene chinaigwiriziza ndi asilikali a ku Cobbe Barracks, Chancellor College imene inali itangobwera kuchokera ku Blantyre mu 1973, ndi Nyumba ya Malamulo imene inapitiriza kukumana kuno. Zimene achimwene amatamanda sindingazikane, pakuti ndinaziona ndekha. Pamene ndinkayamba kuphunzitsa mu 1980, choko ndi makope zinkafika pasukulu, oyendera masukulu ankabwera osachenjeza, ndipo malipiro anga, ngakhale anali ochepa, anandigulira njinga ya kapalasa chaka chisanathe. Alimi ankatenga feteleza wa ngongole kudzera m'makalabu, ndipo misika ya ADMARC inkagula mbewu kufupi ndi midzi. Kamuzu ankabwereza kosatopa kuti anthu ake akhale ndi chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha, ndipo achimwene, amene moyo wawo wonse wathera m'munda ndi m'dimba la mpunga kufupi ndi nyanja ya Chilwa, amayesa mtsogoleri ndi muyeso umenewo.

Ine muyeso umenewo ndimaulemekeza, koma sundikwanira, chifukwa ndimakumbukiranso mmene tinkanong'onezanirana ngakhale m'nyumba zathu zomwe. Munthu wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika kapena kukwera basi, ndipo amayi anga anabwezedwapo pachipata cha msika ndi dengu la tomato pamutu chifukwa khadi linatsalira m'chikwama china. A Mboni za Yehova anathamangitsidwa m'midzi mwawo mpaka kuthawira ku Mozambique ndi ku Zambia. Ife a ku Zomba mantha amenewa tinkakhala nawo pakhomo, pakuti ndende ya Mikuyu inali pamphuno pathu, ndipo m'mwezi wa May 1983 nduna zitatu za boma, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anagwidwa kuno komwe, nkukapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza, wailesi nkulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Tonse tinamva, ndipo tonse tinangoweramitsa mitu. A Orton Chirwa, amene anayambitsa chipani cha Malawi Congress, anamwalirira m'ndende yaikulu ya Zomba mu October 1992, mtunda wosatopetsa mwendo kuchokera pa msika umene tinkagula ndiwo.

Chimene chinandilasa ine mwini chinachitika mu 1989, pamene kunatuluka lamulo loti aphunzitsi a kumpoto abwerere kuchigawo cha kwawo. Ndinali ndi mnzanga wa ku Rumphi amene ankaphunzitsa masamu m'Sitandade 8, munthu wofatsa amene anakwatira mkazi wa ku Thondwe nabereka naye ana atatu osadziwa ngakhale moni wa Chitumbuka. Tsiku limene lole inabwera kudzatenga katundu wake ndinamuthandiza kukweza bedi ndi mipando, koma pakamwa panga sipanatuluke mawu akuti zimenezi nzolakwika, ngakhale kuti tinali awiriwiri kuseri kwa nyumba. Chaka chimenecho ana athu ambiri analephera masamu, ndipo ine ndinadziwa kuti mphunzitsi wamantha sangaphunzitse mwana kuganiza. Ndionjezere kuti sukulu za choko chokwanira zija zinali za ana amene makolo awo ankatha kulipira fizi. Ambiri a m'midzi ya kunyanja sankaponda m'kalasi, pamene ku Mtunthama kunatsegulidwa Kamuzu Academy mu 1981, kumene ana ochepa osankhidwa ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki.

Kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, ophunzira a ku Chancellor College anayenda mumsewu kuivomereza, ndipo ine ndinaima patali ndikunjenjemera m'malo mwawo. Pa referendamu ya pa 14 June 1993 ndinavotera nyali ya zipani zambiri, achimwene anavotera tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndipo tinakhala miyezi itatu osayenderana. Chisankho cha pa 17 May 1994 chitapita kwa a Bakili Muluzi, ndinakwera pampando kuti nditsitse chithunzi chimene ndinakula ndikuchiona, koma ndinayamba ndatseka chitseko, chifukwa thupi langa linali lisanakhulupirire kuti palibe amene adzandifunse. Pa chinthu chimodzi Kamuzu ndimamupatsa ulemu wosachotsera: anavomera pawailesi kuti wagonja, ndipo dziko silinakhetse mwazi pa tsiku limenelo.

A Muluzi ndimawakumbukira ndi mitima iwiri. Anatsegula pakamwa pathu, anatseka Mikuyu ngati ndende ya andale, ndipo analengeza maphunziro aulere a pulayimale. M'dziko lonse ana anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo pasukulu panga panabwera anyamata a ndevu kudzalembetsa Sitandade 1 pamodzi ndi tiana ta zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinakhetsa misozi ya chimwemwe poona ana a asodzi a ku Kachulu atagwira pensulo koyamba, koma sabata yotsatira ndinalibe powakhazika, ndipo mitengo ya mango inasanduka makalasi. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osaphunzira ntchitoyo, ena a iwo achangu kwambiri, ena osatha kulemba chikonzero cha phunziro. Bungwe la chitukuko la MASAF linatimangira midadada iwiri, makolo ataumba njerwa okha, koma m'zaka zomwezo kunamveka nkhani ya K187 miliyoni ya ndalama zomangira masukulu zimene zinalipidwa pa ntchito zosagwiridwa. Kenaka inafika njala ya 2002, chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa, ndipo ana ankagona m'kalasi chifukwa chodya madeya ndi zitsa za nthochi. Pamene tinkaika maliro a ana awiri a m'Sitandade 3, akuluakulu anali pa mkangano woti mtsogoleri aimenso kachitatu. Nyumba ya Malamulo inakana mu July 2002, ndipo kukana kumeneko ndimakuwerengera pa zinthu zamtengo wapatali zimene dziko lino linachitapo.

Achimwene atandipanikiza kuti nditchule amene ine ndimati anaposa anzake, ndinayankha mosazengereza kuti ndi Bingu wa Mutharika wa zaka za 2004 mpaka 2009, ndipo zaka zimenezo ndimazitchula mwadala. Pa moyo wanga wonse imeneyo ndiyo nyengo yokhayo imene ndinaona nkhokwe zodzaza ndi pakamwa potseguka pa nthawi imodzi. Makuponi a feteleza anayamba mu 2005, mvula inagwa bwino zaka zingapo zotsatana, ndipo ana anayamba kubwera kusukulu ndi chimanga chokazinga m'matumba, osathawanso nthawi ya m'ma 10 koloko kukafuna maganyu. Achimwene omwe anafolera nyumba yawo ndi malata mu 2008. Chimene ambiri amaiwala nchakuti pa zaka zimenezo Bingu analibe aphungu ambiri, popeza anatuluka m'chipani cha UDF mu 2005 nkuyambitsa DPP, ndipo bajeti iliyonse ankachita kuilimbirana ndi otsutsa. Analibe kwina kotsamira koma kwa anthu wamba, choncho ankawatchera khutu.

Atapambana ndi mavoti 66 pa 100 aliwonse mu 2009, anakwera pamsana pa njovu naiwala kuti pansi pali mame. Anasintha mbendera, anathamangitsa kazembe wa Britain, mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja zinasowa, ndipo anthu ankagona pamizere m'malo omwetsera mafuta. Kuno ku Zomba tinaona Chancellor College itatsekedwa miyezi yambiri mu 2011, Dr. Blessings Chinsinga atafunsidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, ndipo ine amene ndinakweza bedi la mnzanga mu 1989 ndinazindikira fungo lija nthawi yomweyo. Pa zionetsero za pa 20 July chaka chomwecho anthu 20 anataya miyoyo. Munthu anali yemweyo, nzeru zake zinali zomwezo, ndipo chimene chinasintha nchakuti poyamba iye ankaopa anthu, koma pambuyo pake anafuna kuti anthu amuope iye. Ndimakhulupirira kuti matenda omwewo ndi amene anagwira Kamuzu atapatsidwa utsogoleri wamuyaya mu 1971, ndiponso a Muluzi chakumapeto kwa ulamuliro wawo.

Bingu atamwalira pa 5 April 2012, mayi Joyce Banda, mwana wa kwathu kwa Malemia ku Domasi, analumbira patapita masiku awiri, ndipo atsikana a pasukulu panga ankasuzumira muofesi kudzaona chithunzi cha mayi atavala duku. Mafuta anabwerera, mbendera yakale inabwerera, koma kwacha inagwetsedwa mphamvu kotero kuti malipiro athu ankatha mwezi usanafike pakati, ndipo kubedwa kwa mabiliyoni ku Capital Hill kumene kunaululika mu 2013 kunaphimba zabwino zonse. Zaka ziwiri nzochepa kuti munthu aweruzidwe nazo mokwanira. A Peter Mutharika a ulendo woyamba ndimawakumbukira ndi mitengo ya zinthu imene inadekhako mu 2017, makoleji a ntchito zamanja, kuzimazima kwa magetsi, ndi chisankho cha 2019 chimene khoti linachithetsa pa 3 February 2020 chifukwa cha zotsatira zofufutidwa ndi Tippex.

A Lazarus Chakwera anandipeza nditapuma kale, ndikudya penshoni, ndipo sindibisa kuti pa 23 June 2020 ndinawavotera ndi chiyembekezo chachikulu. Analonjeza ntchito 1 miliyoni, kudya katatu pa tsiku ndi thumba la feteleza la K4,495. Nzoona kuti anakumana ndi mikwingwirima yaikulu, monga mliri wa Covid-19, kolera, ndi namondwe wa Freddy amene mu March 2023 anakokolola midzi kuno kummwera, ndiponso kuti misewu ina anamangadi. Komabe kwacha itagwetsedwa ndi 44 pa 100 aliwonse mu November 2023, penshoni yanga inasanduka ya sopo ndi mchere, ndipo feteleza wa m'sitolo anapitirira K100,000 pa thumba. Achimwene anabzala chimanga chopanda feteleza zaka ziwiri zotsatana, ndipo pamenepo ndi pamene dzina la Kamuzu linabwerera pakamwa pawo ndi mphamvu. Pa 16 September 2025 anthu anabwezera a Peter Mutharika pampando, ndipo a Chakwera anavomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe. Za ulamuliro watsopanowu sindifulumira kunena, chifukwa ndaona kale atsogoleri oyamba bwino namaliza moipa.

Zonsezi ndinawauza achimwene usiku umenewo mpaka nyali ya batire inayamba kuzilala. Anandimvetsera osandidula, kenaka anati, "Mwalankhula bwino, aphunzitsi, koma ufulu wanuwo sindinauphikepo mumphika." Ndinawayankha kuti mawu omwe angonenawo, akanawanena mu 1985 za mtsogoleri wa nthawiyo, sakanagona m'nyumba mwanga usiku umenewo, ndipo nanenso sindikanagonamo chifukwa chowamvetsera. Anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anandifunsa ngati ndinamvapo za mnzanga wa ku Rumphi uja. Ndinawauza kuti anamwalira mu 2006 asanabwererenso ku Zomba, ndipo kuti mwana wake wamkazi ndi namwino ku Mzuzu, amene mpaka lero amandilembera uthenga pafoni m'Chichewa cha ku Thondwe.

M'mawa ndinawaperekeza kukakwera galimoto ya ku Jali, nditawapatsa theka la thumba la feteleza limene ndinasunga chaka chatha. M'gawo lotsatira ndidzabwerera ku sukulu ija ya 1993, ndipo ndidzayambira pa mayi wina wamasiye amene anabwera ndi nkhuku m'malo mwa fizi ya ana ake awiri.