Kukoka ngolo yokagonera kutchire ndi galimoto ya banja kuchokera ku Johannesburg

Amalawi ambiri amene tikukhala ku Johannesburg timaidziwa ngolo ngati chinthu cha mwezi wa Disembala, pamene galimoto zimalunjika kumpoto pa msewu wa N1 zikukoka ngolo za mtundu wa Venter zodzaza mabulangete, mafuta ophikira ndi njinga za ana. Ngolo yokagonera kutchire imafanana nayo poiona patali, koma pamwamba pake pamakhala tenti yopinda, m'mbali mwake muli makabati a ziwiya ndi chitofu cha gasi, kutsogolo kuli bokosi la firiji ndi batire, ndipo pansi pake pamabisala thanki ya madzi. Banja lathu limakoka ngolo yotere ndi SUV yapakatikati, ya msinkhu wa RAV4 kapena X-Trail, ndipo abale a kutchalitchi akhala akundifunsa ngati galimoto zawo zili ndi mphamvu zokwanira ntchito imeneyi. Ndimawayankha kuti za mphamvu ya injini tikambirane pambuyo, chifukwa chimene chimagwetsa anthu m'mavuto ndi kulemera, komanso malo amene kulemerako kwaikidwa.

Malamulo a pamsewu a dziko lino la South Africa, amene maziko ake ndi National Road Traffic Act ya 1996, amayamba ndi laisensi ya dalaivala. Laisensi ya B, imene ambirife tili nayo, imalola kukoka ngolo yosaposa makilogalamu 750, ndipo nambala imene apolisi a pamsewu amayang'ana si kulemera kwa ngoloyo pa tsikulo ayi, koma GVM, kulemera konse kumene ngoloyo inaloledwa kufika ikadzaza, kumene kumalembedwa pa kachitsulo kokhomedwa pa ngoloyo. Ngolo yolembedwa 900 imafuna laisensi ya EB ngakhale mutaikoka yopanda kanthu. Choncho musanapereke ndalama kwa wogulitsa, tulutsani laisensi yanu, kaya ndi ya kuno kapena ya kumudzi, muone chilembo chimene chilipo, pakuti ngozi ikachitika muli ndi laisensi yosayenera, a inshuwalansi ali ndi chifukwa chokanira kukulipirani.

Lamulo lachiwiri ndi limene anthu ambiri salidziwa, ndipo limakhudza mabuleki. Pa kapepala kozungulira ka msonkho kamene timamata pa galasi lakutsogolo pamalembedwa kulemera kwa galimoto ikakhala yopanda katundu, kumene amakutchula kuti tare. GVM ya ngolo yopanda mabuleki akeake isapose makilogalamu 750, komanso isapose theka la tare ya galimoto yoikokayo. Tiyerekeze kuti galimoto yanu imalemera makilogalamu 1,600: theka lake ndi 800, kotero ngolo ya 750 ndi yololedwa. Koma galimoto ya makilogalamu 1,300 imangololedwa ngolo yopanda mabuleki ya 650 basi. Ngolo ikakhala ndi mabuleki aja amene amadzigwira okha ikamakankha galimoto kumbuyo, ikhoza kulemerapo, koma GVM yake isapose tare ya galimoto yoikokayo. Pachifukwa chimenechi, nambala yaikulu ya m'kabuku ka galimoto, imene ogulitsa amakonda kuiloza ndi chala, si yongoikhulupirira. Kabukuko kakhoza kunena kuti galimotoyo imakoka makilogalamu 2,000, pamene lamulo likukuimitsani pa 1,600, ndipo pakakhala manambala awiri osiyana, yaing'onoyo ndi imene muyenera kuitsatira.

Ngolo imalemera mwakachetechete. Tinene kuti yopanda kanthu imalemera makilogalamu 500 ndipo malire ake ndi 750, ndiye kuti mwatsala ndi 250. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 60 yadya kale 60. Batire yaikulu yoyendetsa firiji usiku wonse imayandikira makilogalamu 30, botolo la gasi wa makilogalamu 9 limalemera pafupifupi kawiri mukaphatikiza chitsulo chake, ndipo firijiyo ikadzaza nyama ndi zakumwa siinyamulika ndi dzanja limodzi. Mukawonjezera mipando, tebulo, mapoto, makala, thumba la ufa (pakuti ife sitipita kutchire kukadya buledi masiku onse) ndi tayala lapadera, mupeza kuti malo akadalipo m'ngolomo koma makilogalamu atha. Chizolowezi chathu cha ulendo wa kumudzi, chakuti katundu alowe mpaka chivindikiro chikane kutsekeka, sichigwira ntchito apa. Njira yokhayo yodziwira zoona ndi kupita nayo ngoloyo pa sikelo itapakiridwa kale. Malo ambiri ogula zitsulo zakutha ali ndi sikelo yoyezera galimoto, ndipo mukawapempha mwaulemu kawirikawiri amakuyezerani pa ndalama yochepa. Yezetsaninso galimotoyo muli onse m'katimo, chifukwa anthu asanu, zikwama za m'buti ndi kulemera kumene ngolo imatsamira nako kumbuyo, zonsezo zimasenzedwa ndi galimoto yomweyo, imene nayonso ili ndi malire ake.

Kutsamira kumeneku ndi kumene ine ndimatayirapo nthawi yambiri tisananyamuke. Mphuno ya ngolo iyenera kukanikiza mpira wa chitsulo chokokera ndi magawo 7 mpaka 10 pa magawo 100 alionse a kulemera kwa ngolo yonse, kutanthauza kuti ngolo ya makilogalamu 750 itsamire ndi makilogalamu apakati pa 50 ndi 75, malinga ngati chitsulo chokokeracho chikulola, pakuti nachonso chili ndi nambala yake yolembedwa. Kuyeza kwake sikufuna chipangizo chodula. Ndimatenga sikelo ya m'bafa, kuiika pa simenti pamalo osatsetsereka, kuimikapo kamtengo kodulidwa molingana ndi kutalika kwa mpira wa galimoto, kenako n'kutsitsa mphuno ya ngolo pang'onopang'ono ndi kagudumu kake kakutsogolo mpaka itakhala pa kamtengoko. Mayi a kunyumba amawerenga nambala ine ndikusuntha katundu, ndipo n'zodabwitsa kuona momwe kusamutsa chigubu chimodzi cha madzi kuchoka kumbuyo kupita pamwamba pa ekiselo (chitsulo cholumikiza magudumu) kumasinthira nambalayo. Zolemera zonse zikhale pansi, pafupi ndi ekiselo, chakutsogolo pang'ono, ndipo zimangidwe kuti zisasunthe. Kumbuyo kwenikweni ndi malo a zofunda ndi mapilo.

Ngolo yopepuka mphuno ndi imene imavina pamsewu. Imayamba ndi kugwedezeka pang'ono, kawirikawiri pamene thiraki yaikulu yakudutsani kapena pamene mukutsika phiri mothamanga, ndipo kugwedezekako kumakula mpaka kumbuyo kwa galimoto kumayamba kutsatira. Zikatero mwendo umathamangira wokha ku buleki, koma kuponda buleki mwamphamvu kapena kulimbana ndi chiwongolero kumangowonjezera vutolo. Chofunika ndi kuchotsa phazi pa mafuta mofatsa, kugwira chiwongolero chilunjike, ndi kulola kuti liwiro litsike lokha, kenako n'kuima pamalo abwino kuti mukonzenso kapakiridwe. Mphuno ikalemeranso mopitirira, kumbuyo kwa galimoto kumakhala pansi, matayala akutsogolo sagwira bwino msewu, ndipo nyale zimathobwa m'maso anthu ochokera kutsogolo. Ngakhale misewu ikuluikulu ya kuno imalola makilomita 120 pa ola, ine ndikakoka ngolo ndimayenda pakati pa 90 ndi 100 kumanzere kwa msewu, ndipo ndimasiya mpata waukulu pakati pa ine ndi galimoto yakutsogolo.

Tsopano tikhoza kukamba za injini. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopyapyala, moti injini ya petulo yopanda turbo imataya pafupifupi magawo 17 pa 100 alionse a mphamvu zake. Galimoto yotere imakokabe ngolo yaing'ono, koma pa zitunda muyenera kutsitsa giya msanga osadikira kuti injini iyambe kulira, ndipo mafuta imamwa ochuluka kuposa masiku onse. Ya turbo, kaya ndi ya dizilo kapena ya petulo, siivutika kwenikweni. Komabe ine ndimaopa kutsika kuposa kukwera. Wopita ku malo osungira nyama zakutchire a Kruger pa N4 amatsika mamita oposa 1,000 asanafike ku Mbombela, kaya wadzera ku Waterval Boven kapena ku Schoemanskloof, ndipo wopita ku Durban pa N3 amakumana ndi mtsetse wa m'mapiri wa Van Reenen, pakati pa Harrismith ndi Ladysmith, kumene mphepo ndi nkhungu n'zosasowa. Pamalo otere ngolo yopanda mabuleki imakankha galimoto ndi kulemera kwake konse, ndipo mukatsika mutapondereza buleki njira yonse, mabulekiwo amatentha n'kuyamba kufooka. Lowetsani giya yotsika musanayambe kutsetsereka, ngakhale galimoto yanu ili ya otomatiki, kuti injini ithandize kugwira.

Matayala a ngolo amakalamba asanathe mapanga ake, chifukwa ngolo imakhala miyezi itangoima padzuwa. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, mwachitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019, ndipo tayala lopitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi ine sindiyenda nalo ulendo wautali. Mukaima koyamba pothira mafuta, gwirani ndi dzanja pakati pa gudumu lililonse. Kufunda n'kwabwino, koma kukatentha mpaka dzanja kulephera kukhalapo, ndiye kuti ma bearing akufuna girisi kapena atha. Onaninso kuti mphuno yatsekeka bwino pa mpira, tcheni chakoledwa, pulagi ya magetsi yalowa, ndipo nyale zokhotera ndi za buleki zikuyaka. Ngolo nayonso ili ndi nambala yake ya pamsewu ndi msonkho wake wa chaka ndi chaka, komanso imafuna tepi yachikasu yonyezimira m'mbali ndi kumbuyo.

Kubwerera m'mbuyo ndi ngolo yaifupi n'kovuta kuposa ndi yaitali, chifukwa yaifupi imapindika mwamsanga ndipo imabisala kumbuyo kwa SUV osaoneka pagalasi. Ikani dzanja pansi pa chiwongolero, ndipo kumene dzanjalo lalowera ndi kumene ngolo ipite. Phunzirani zimenezi pamalo oimika galimoto opanda anthu, Lamlungu madzulo, ndipo ulendo woyamba ukhale wapafupi, monga ku Magaliesberg, ku Dinokeng kapena ku Pilanesberg. Pamalo ogona pakakhala popanikizika, palibe chochititsa manyazi kuimasula ngoloyo n'kuikankha ndi manja anthu awiri.

Amene akuganiza zopita nayo ngoloyo ku nyanja ya Malawi adziwe kuti pa chipata cha Beitbridge ngolo imawerengedwa payokha, choncho makalata ake a umwini ayende limodzi ndi a galimoto, pamodzi ndi kalata ya ku banki ngati ngongole yake siinathe. Ku Zimbabwe amafuna chilembo cha T chonyezimira, choyera kutsogolo kwa ngolo ndi chofiira kumbuyo, ndipo ku Mozambique, podutsa ku Tete kulowera ku Zobue ndi Mwanza, amafuna chizindikiro cha makona atatu cha buluu ndi chikasu kutsogolo kwa galimoto yokoka ndi kumbuyo kwa ngolo. Zomata zimenezi zimapezeka m'masitolo a zipangizo za galimoto konkuno ku Johannesburg, ndipo n'kwabwino kuzigula ndi kuzimata musananyamuke.