Ndinagula pulesi yodzazira zipolopolo, koma za m'bokosimo zinali zosakwana

Agogo anga aamuna ku Ntcheu anali ndi gogodela. Ndili mwana ndinkawaona akuthira onga kukamwa kwa mfutiyo, kenako kansanza, kenako kutsendera ndi kachitsulo kataliko mpaka zitakhazikika, ndipo muyezo wa ongawo unali chikhatho chawo basi, panalibe sikelo panalibe buku. Nguluwe zikavuta m'munda wa chimanga ankapita usiku, ife tili m'nyumba kumangomva phuuu, m'mawa phewa lawo lili lotupa. Ndiye tsiku lomwe ndinaima pa shopu ya mfuti kuno ku Joni ndikuyang'ana mabokosi a zida zodzazira zipolopolo ndinaseka ndekha, kuti kodi magazi awa sasintha eti.

Ndiyambe ndi za malamulo chifukwa ndikudziwa wina athamanga kale. Ine ndakhala kuno ku Limpopo zaka zambiri, mapepala okhalira mpaka kalekale ndili nawo, ndipo mfuti yanga ya .308 Winchester ili ndi laisensi. Kuno lamulo lake ndi Firearms Control Act ya 2000, ndipo kuti upeze laisensi uyenera kukhala nzika kapena wokhala ndi permanent residence, ukhale ndi setifiketi ya competency yochokera ku polisi, ndi sefa yokhomerera kukhoma. Lamulo lomwelo limalola mwini laisensi kudzaza zipolopolo za mfuti yake yomweyo. Za mfuti yake, osati za mlamu wake kapena zogulitsa. Limanenanso kuti usasunge zipolopolo zopitirira 200 ndi mapulayima (tizitsulo ta kumbuyo kwa chipolopolo toyatsa onga) opitirira 2,400 pa mfuti iliyonse, pokhapokha ngati unalembetsedwa ngati mlenje kapena wamasewera owombera wa dedicated, kutanthauza wovomerezedwa ndi bungwe la alenje kapena la masewerawo. Ngati uli pa pasipoti ya masiku 30 kapena uli kumudzi wopanda chilolezo cha apolisi, nkhaniyi ingowerenga ngati nthano aise.

Chinandilowetsa mu zimenezi ndi mtengo. Nyengo yozizira ikafika timakasaka nswala ndi njiri ku mafamu, koma usanapite uyenera kupita ku range, malo oyeserera kuwombera, kukayesa mfuti, ndiye bokosi la zipolopolo 20 limatha ngati mtedza wokazinga. Kuwombera kulikonse mtima umachita kuwerenga ma rand. Ndiye pali mdala wina wa Chibunu ku range kwathu, tonse timangomuti Oom, anandiona ndikutaya makoko a zipolopolo mu bini, aja kuno amati madopi, anachita kundigwira dzanja. Akuti mnyamata iwe ukutaya ndalama. Dopi ija ya brasi ndiye mbali yodula pa chipolopolo ndipo imabwerezedwa kangapo, chomwe chimatha ukawombera ndi zitatu zokha, pulayima ya kumbuyo ija, onga, ndi mutu womwe umauluka.

Ndinayamba kutolera madopi mu chigubu cha ayisikilimu kwa miyezi, ndilibe ngakhale chida chimodzi.

Tsopano posankha kit, bokosi la zida zodzazira lomwe chida chake chachikulu ndi pulesi, makina a chogwirira ofinyira dopi ndi kukhazika mutu. Ukalowa pa YouTube mutu umazungulira, chifukwa anthu ambiri opanga mavidiyowo ndi a ku America komwe zidazi zimachokera, ndipo aliyense amaikira kumbuyo mtundu wake ngati nkhani ya Bullets ndi Manoma. Mitundu yake umaidziwira penti. Yofiira ndi Lee ya ku Wisconsin komanso Hornady ya ku Nebraska, yobiriwira ndi RCBS yomwe inayambira ku Oroville ku California mu 1943, ya olenji ndi Lyman, ya buluu ndi Dillon ya ku Arizona. Ine maso anga anagwera pa ya buluu ija, makina oti ukakoka chogwirira kamodzi zinthu zingapo zikuchitika nthawi imodzi, chipolopolo chathunthu n'kugwera m'kabokosi, kukokanso china chagwa, ngati chigayo. Ndinamuonetsa Oom pa foni. Anangondifunsa kuti pa chaka umawombera zingati? Nditawerenga zinali mazana ochepa chabe. Akuti ndiye ukufuna kugula thirakitala yolimira dimba la tomato la kuseri kwa nyumba.

Anali ndi mfundo. Makina aja amatchedwa progressive ndipo ndi a anthu a mpikisano wa pisito omwe amawotcha zipolopolo mazanamazana pa wikendi imodzi. Kwa woyamba vuto lake ndi loti zinthu zinayi kapena zisanu zikuchitika limodzi ndipo maso ako ndi awiri, ukalakwitsa sudziwa kuti walakwitsa pati. Pulesi ya single stage imachita ntchito imodzi pa nthawi, umapanga madopi onse 50 gawo loyamba, kusintha die (kachitsulo komanga pamwamba pa pulesi kogwira ntchito ya gawolo), kubwereranso onse 50 gawo lachiwiri. Imachedwa inde koma dopi iliyonse imadutsa m'manja mwako kangapo ndipo yong'aluka pakhosi umaiona.

Ndinatsala ndi awiri. Kit ya Lee ija ya Challenger ndi yotchipa kwambiri, pulesi yake ndi ya aluminiyamu, yopepuka. Ya RCBS ya Rock Chucker ndi chitsulo chenicheni cholemera, choti adzukulu adzakanganirana pa chuma chamasiye, koma mtengo wake eish. Ndinatenga yotchipayo, ndipo mpaka lero ikugwira ntchito bwinobwino pa .308 yanga. Chomwe sindinkadziwa ndi choti mawu oti kit sakutanthauza kuti zonse zilimo.

Ndinafika kunyumba Loweruka masana ndili ndi chimwemwe, kutsegula bokosi pa tebulo, pulesi ilimo, sikelo ilimo, chothirira onga chilimo, kafanelo, kachida koikira mapulayima, timafuta. Ma die mulibe. Ndipo sikuti anandibera ayi, ma kit ambiri amabwera choncho chifukwa wopangayo sadziwa kuti mfuti yako ndi ya saizi yanji. Ma die ndi tizitsulo tija timamangidwa pamwamba pa pulesi, ina imabwezeretsa dopi pa saizi yake ndikuchotsa pulayima yakale, ina imakhazika mutu. Popanda amenewo pulesi ndi chokongoletsa m'galaja. Ubwino wake mazinga ake ndi ofanana pafupifupi kwa onse, 7/8-14, ndiye die ya kampani ina imalowa pa pulesi ya kampani ina. Koma funsa za shell holder, kachitsulo kogwira dopi kumatako. Ma die a Lee a mfuti zazitali ambiri amabwera nako, a RCBS umagula padera, ndipo palibe chowawa ngati kuyenda makilomita onse aja kubwerera ku tauni chifukwa cha kanthu kochepa ngati ndalama yachitsulo.

Chinanso chomwe munalibe ndi vaniya, choyezera kutalika chija. Ichi musachinyoze. Dopi ikamawomberedwa ndikufinyidwa mu die imatalika pang'onopang'ono, ya .308 siyenera kupitirira mainchi 2.015 ndipo ikafika pamenepo umaidula kubwerera pa 2.005. Kusiyana kwake ndi kochepa koti diso silingaone, koma dopi yotalika imakapanikizika kutsogolo mu chamber, momwe chipolopolo chimakhala mu mfuti, n'kugwira mutu mwamphamvu, pulesha n'kukwera. Ndiye pafunikanso chodulira cha saizi ya mfuti yako. Mukuona mmene ndalama ikutulukira? Madam anayamba kufunsa kuti kodi si paja munkati mukufuna kupulumutsa ndalama bambo a ana, ine ziii.

Koma pomwe ndikufuna kukhalitsa ndi pa sikelo, chifukwa apa ndi pomwe pali nkhope yako ndi zala zako. Onga sayeza ndi magalamu, amayeza ndi ma grain, ndipo galamu imodzi muli ma grain opitirira pang'ono 15. Paundi imodzi ndi ma grain 7,000. Sikelo yodzazira imayenera kuona mpaka gawo limodzi mwa magawo khumi a grain, kutanthauza tinjere tingapo ta onga basi. Sikelo yomwe inabwera mu kit ndi ya mtanda ija yoyendera kulemera, umadikira kamuvi kasiye kugwedezeka, ndiye ine ndi kupupuluma kwanga ndinaona ngati ikundichedwetsa, ndinakaoda ka digito kotchipa pa intaneti kopanda ndi dzina lomwe. Usiku wina ndayeza onga, kuchotsa kambale, kubwezeranso kambale komweko osasintha kanthu, nambala yasintha. Kuchotsanso kubwezera, yasinthanso. Kuyatsa fani, ndiye kumangovina. Ndinali nditathira kale madopi 20 ndi sikelo imeneyo. Ndinakhala pansi kuwayang'ana, kenako ndinakhuthula onse kubwezera m'chitini ndikuyambiranso ndi ya mtanda ija ndinkainyoza. Tsiku lotsatira ndinagula timiyala toyesera sikelo, ma check weight, ndipo pano ndisanayambe ndimayamba ndaikapo kaye kamwala kodziwika kulemera kwake. Ma digito abwino alipo, anzanga ali nawo, koma si a mtengo wa buledi awiri.

Buku nalonso ndi chida, mwina loyamba kugula pulesi isanabwere n'komwe. Lyman, Hornady ndi ena amatulutsa mabuku okhala ndi matebulo oonetsa onga wakuti, mutu wolemera mwakuti, poyambira apa, malire apa. Ine pano sindilemba nambala iliyonse ya muyezo wa onga ndipo munthu akakupatsani nambala pa gulu la WhatsApp musaitenge, mfuti yake si yanu. Umayambira pansi pa tebulo ndikukwera pang'onopang'ono ukuyang'ana madopi ako. Kuno kuli kakenso, mabuku a ku America amalemba onga wa kwawo, pomwe onga womwe anthu ambiri kuno anazolowera ndi wa Somchem wopangidwa ku Somerset West, monga S335 ndi S365, ndiye umafunika matebulo a Somchem enieniwo. Fakitale imeneyo inaphulika mu September 2018 anthu 8 n'kumwalira, ndipo zitatha izo onga unayamba kusowa m'mashopu, anthu n'kumasamukira ku wochokera kunja. Ukasintha onga umayambiranso pansi ngati mwana wa sitandade 1, palibe zoti uwu ukufanana ndi uja.

Oom anandipatsa lamulo limodzi lomwe ndimalisunga ngati la m'Baibulo, pa tebulo pazikhala chitini chimodzi chokha cha onga. Onga wa pisito umayaka msanga kwambiri, ukauthira mu dopi ya mfuti yayitali ndi muyezo wa onga wa mfuti yayitali ndiye kuti wapanga bomba loika pa tsaya lako. Ndipo ndikathira madopi onse ali ndondondo pa thabwa lake, ndimatenga tochi kusuzumira imodzi imodzi kuona ngati onga wafika pofanana. Yopanda onga nayo ndi yoopsa, pulayima yokha imatha kukankha mutu n'kukakamira pakati pa mpope, ukawombera china pambuyo pake ndiye basi. Magalasi oteteza maso poika mapulayima, fodya kutali, ana kunja, ndipo mowa ayi ngakhale kamodzi ka Castle.

Zopusa zanga sizinathere pa sikelo. Madopi aja ndinkatolera ku range, ena anali a asilikali akalekale. Ndaika imodzi, kukoka, ndikumva thwa! kapini kochotsera pulayima kathyoka. Kusuzumira m'kati ndi tochi ndikuona timabowo tiwiri m'mbali m'malo mwa limodzi pakati. Amenewo ndi a Berdan, ma die wamba amagwira a Boxer a bowo limodzi. Sabata yathunthu kudikira kapini. Kenako tsiku lina ndinaiwala kudzoza mafuta dopi imodzi, kuikankha mu die inalowa molimba, pobweza shell holder inang'amba mkombero wa kumatako, dopi n'kutsala m'katimo ngati chisonga. Ndinayesa pulayala, ndinayesa kuika mu firiji, mxii. Ndinapita nayo kwa Oom mwamanyazi, iye kuseka mpaka kutsokomola, akuti aliyense amakakamiritsa imodzi, anatsegula dirowa kutulutsa kachida kake kobowolera ndikukoka, mphindi zisanu yatuluka. Ndinati Oom mundigulitse kameneka, akuti ayi kagule kako chifukwa udzakafunanso. Ndinakafunadi.

Pali zina zomwe anthu amakuopseza nazo kuti ugule tsiku loyamba koma zingadikire. Makina otsukira madopi kuti aziwala ngati golide, ine chaka choyamba ndinkangopukuta ndi nsanza. Makina othira onga okha a magetsi, zingadikire. Koma kahamala kochotsera mutu ukalakwitsa, kagule msanga. Ndi tebulo lolimba, chifukwa ine ndinamanga pulesi pa katebulo ka chipboard ndipo tsiku lachitatu kanang'ambika pakona, ndinakagula thabwa lochindikala ndi mabawuti n'kukhomerera kukhoma. Kope la sukulu nalo, lolembamo tsiku, onga, muyezo, mutu, ndi kuti madopi awa abwerezedwa kangati.

Za kupulumutsa ndalama zija, chipolopolo chimodzi chimanditsikira mtengo ndithu poyerekeza ndi cha m'shopu, koma pano ndimapita ku range kawiri kuposa kale chifukwa nthawi zonse pali kena kofuna kuyesa, ndiye ndalama yotuluka pa mwezi ndi yomweija kapena kuposa, madam anawerengetsa okha pa kakalata ka ku banki. Chomwe ndinapeza ndi china. Tsiku lomwe ndinawombera zodzaza ndekha koyamba manja ankanjenjemera, ndinachita kutembenuza nkhope pang'ono pokoka, Oom ali kumbuyo manja m'thumba. Zitatu zoyamba zinabalalika. Patatha masabata angapo ndikukweza muyezo wa onga pang'onopang'ono, pa mamita 100 zitatu zinagundana malo oti ndalama ya R5 inaphimba. Pepala limenelo ndinalimata pamwamba pa pulesi, pafupi ndi dopi yong'ambika matako ija, ndipo chithunzi chake ndinatumizira malume ku Ntcheu. Anayankha ndi voice note kuti zonsezo n'zabwino mphwanga, koma nyama yake ili kuti.