Momwe ndinaikira ma tracker pa zida zanga atandibera jenereta

Ine ntchito yanga ndi yobwereketsa zida kwa anthu omanga, ndili ndi majenereta, makina owotcherera, mikisa ya simenti ndi kangolo konyamulira zonsezi. Chaka chatha jenereta imodzi inasowa usiku pamalo omwe amamanga, tcheni anachita kudula, mlonda akuti sanamve kanthu, ndipo nditapita kupolisi funso loyamba linali loti serial number yake ndi chani. Ine kakasi, sindinailembe paliponse. Mpaka pano ndikaikumbukira mtima umandiwawa chifukwa inali yatsopano ndipo ngongole yake ndinali ndisanamalize.

Nde ndisanagule chilichonse ndinayamba kaye ndalemba manambala a chida chilichonse mu kope, nkujambula zithunzi mbali zonse, mpaka pomwe panakalika. Tracker imangokuuzani pomwe katundu ali, koma kuti apolisi akhulupirire kuti ndi wanu pamafunika mapepala.

Poyamba ndimafuna AirTag ija ya Apple inatuluka mu 2021 chifukwa ndi kakang'ono ndipo kabatire kake kamatha pafupifupi chaka, koma nditafufuza ndinapeza kuti mulibemo GPS, imadalira Bluetooth, pamafunika munthu wa iPhone adutse pafupi kuti idziwike pomwe ili, komanso anaipanga kuti izichenjeza munthu amene ikuyenda naye ngati si mwini wake, ndiye kuti wakubayo imuuza yokha. Ndinaisiya. Ndinatenga tracker yeniyeni ya GPS yolowa simu kadi.

Apa mpomwe ambiri timasokonezeka. Kachipangizoka sikatumiza kanthu ku setilaiti ayi, kamangomvera. Ma setilaiti a GPS ali m'mwamba makilomita pafupifupi 20,200 ndipo kamafunika kamve osachepera 4 kuti kawerengere pomwe kali, panja poyera kamaphonya ndi mamita ochepa chabe. Kakadziwa malowo kamawatumiza ku foni yanu kudzera pa netiweki ya mafoni wamba. Ndiye simu ikatha data kapena komwe kali kulibe netiweki, inu simuona kanthu pa mapu olo kachipangizoko kali bwinobwino. Mufunsenso wogulitsa ngati ili ya 4G, chifukwa zotchipa zambiri ndi za 2G yokha ndipo m'maiko ena 2G anaizimitsa kale.

Kuilumikiza sikunavute kwenikweni, kulowetsa simu, kuitumizira meseji ya APN, dzina lomwe simu imalowera nalo pa intaneti ya kampani ya foni, kenako kulemba IMEI, manambala 15 aja ali kuseri, mu app. Chomwe ndikupemphani musaiwale ndi pasiwedi. Yanga inabwera ndi 123456, ndipo zotchipa zambiri zimabwera choncho, kutanthauza kuti mukaisiya aliyense wodziwa atha kumaona komwe katundu wanu amagona. Ndinasintha pompo.

Pobisa mpomwe ndinataya tsiku lathunthu. Ndinaika kaye mkati mwenimweni mwa bokosi lachitsulo la jenereta poganiza kuti wakuba sangafikemo, kutsegula app kadontho kali phee pomwe kanali m'mawa, nayenda nayo jenereta ija mtunda ndithu koma sikakusuntha. Chitsulo chimatchinga siginolo. Pulasitiki ndi labala sizitchinga, ndiye ndinaisamutsira kuseri kwa chivindikiro cha pulasitiki cha pomwe pali ma switch, mbali ya antenna kuyang'ana kumwamba, kutali ndi ekizozi chifukwa cha kutentha, nkumanga ndi tepi yakuda kuti izioneka ngati mawaya ena onse. Wamagetsi anailumikiza ku batire ya 12V ndi kafyuzi pakati, ilinso ndi kabatire kake mkati moti wina akadula waya imanditumizira meseji nthawi yomweyo nkupitiriza kugwira ntchito kwa kanthawi. Pa mikisa ndi pa ngolo palibe batire ndiye ndinaika za maginito zochita kutchaja, ndinazichuna kuti zikangokhala zizigona, zidzuke pokhapokha chinthu chagwedezeka, apo ayi batire imatha msanga.

Chimene chimandithandiza kuposa zonse ndi mpanda wa pa mapu uja amati geofence. Ndikabwereketsa chida ndimajambula mzere kuzungulira malo omwe chikagwire ntchito, chikangotuluka foni imalira. Woyamba ndinaupanga wothina kwambiri ndipo usiku umodzi inandidzutsa katatu konse pomwe jenereta sinasunthe nkomwe, kadontho kamangodumphadumpha chifukwa inali pafupi ndi khoma pansi pa malata. Ndinaukulitsa mpaka mamita 200 ndipo zinasiya.

Anyamata anga komanso obwereka ndinawauza poyera kuti zida zili ndi ma tracker, zinalembedwanso pa pepala lomwe amasaina, kungoti pomwe ndinabisa sindinanene. Sindikufuna munthu azimva ngati ndikumuzonda mobisa, ine ndikulondola katundu osati anthu. Ndinawauzanso kuti tsiku lomwe chida chidzabedwe palibe wothamangira komwe kadontho kakuloza, tidzajambula mapu pa foni, kutenga kope la manambala lija nkupita kupolisi, chifukwa simudziwa kuti mukakumana ndi anthu angati ndipo anyamula chani.

Patatha miyezi ingapo ndinangoti nditsegule app, kupeza tracker ya pa makina owotcherera inasiya kutumiza masabata atatu apitawo. Bandulo inatha ine osadziwa, ndipo masiku onsewo makina anali kwa obwereka ine ndikugona mtima uli m'malo. Thukuta linandituluka. Tsopano Lolemba lililonse m'mawa ndisanatsegule geti ndimayang'ana chida chilichonse pa app, nthawi yomwe chatumiza komaliza, batire yatsala bwanji, data ikutha liti, ndipo kamodzi pa mwezi ndimauza mnyamata mmodzi akoke ngolo atuluke nayo mu mpanda osandiuza nthawi, ine nkumadikira kuti foni ilira patatha mphindi zingati.