Chambo cha alamu pa Inkscape

Lachitatu. Tsiku lonse lathera pa nsomba imodzi. Alamu anga amagulitsa chambo chokazinga, ndipo akufuna sitika yomata pagalasi la kashopu kawo. Anandipatsa pepala limene mwana wawo anajambulapo nsombayo ndi bolopeni, nʼkunena kuti, “Alamu, inu muli ndi laputopu, tangoyikonzani izioneka ngati ya kampani.” Kwa iwo munthu wa laputopu amadziwa zonse.

Ndikugwiritsa ntchito Inkscape, pulogalamu yojambulira pakompyuta, chifukwa ndi yaulere. CorelDRAW ndi Adobe Illustrator, zomwe zili pamakompyuta a osindikiza ambiri, zimafuna ndalama zoti ine sindingatulutse chifukwa cha sitika imodzi. Inkscape inayamba mu 2003 pamene ena mwa anthu amene ankakonza pulogalamu yotchedwa Sodipodi anapatukako, ndipo nambala 1.0 inadzatuluka mu 2020. Zaka 17 akuikonzabe osafuna kunena kuti yapsa. Anthu oleza mtima amenewo.

Ndinajambula pepala lija ndi foni, kulilowetsa mu pulogalamu, kenako kutsata mzere wa mwanayo ndi cholembera chomwe chimabwera ukadina B pakiyibodi. Chithunzi cha pafoni ndi timadontho tambirimbiri, nʼchifukwa chake ukachikulitsa chimasanduka timabokosi. Apa ayi. Kompyuta imangosunga mfundo zimene waika ndi mmene njira ikupindikira kuchoka pa mfundo ina kupita pa inzake. Masamu ake anatchuka ndi Pierre Bézier, injiniya wa ku Renault ku France, amene ankawagwiritsa ntchito pokonza maonekedwe a magalimoto mʼma 1960. Lero masamu omwewo akupinda mimba ya chambo.

Chimene chanditengera nthawi kuti chikhazikike mʼmutu ndi chakuti njira imene wajambulayo payokha sioneka. Imene maso amaona ndi zinthu ziwiri zimene umaipatsa: fill, utoto wodzaza mkati, ndi stroke, mzere woyenda mʼmphepete. Ukachotsa zonse ziwiri, nsomba imazimiririka pasikirini, koma ilipobe, ukakoka mausi mozungulira malowo imagwidwa. Pansi pa sikirini pali mndandanda wa mitundu. Ukadina mtundu, walowa mkati. Ukagwira Shift nʼkudina, wapita pamzere. Ka X kakumanzere kwenikweni ndi kochotsera. Zina zonse zili mʼbokosi lomwe limatseguka ndi Shift+Ctrl+F, ndipo lero silinatsekedwe mpaka madzulo.

Ndisanalumikize kumchira ndinayesa kuthira buluu kuti ndione. Mzere wakuda unaima pomwe ndinasiyira, mpata uli pululu, koma utoto sunadikire: unadumpha mpatawo mowongoka, kuchoka pa mfundo yomaliza kukafika pa yoyamba, mchira nʼkuoneka ngati wadulidwa ndi chikwanje. Ndiye kuti fill imatseka yokha njira yotseguka, pomwe stroke imangopita pamene dzanja lapita. Pa makha ndi pakamwa, pomwe ndi timizere topinda chabe, pamafunika kuchotseratu fill, apo ayi pamatuluka tizigamba tooneka ngati mwezi wongokhala kumene.

Nkhani yaikulu inali pa dzina la shopu. Ndimafuna zilembo zachikasu zozunguliridwa ndi mzere wakuda wonenepa kuti ziziwerengeka munthu ali tsidya la msewu. Nditaika mamilimita 4, zilembo zinaonda, kabowo ka mu A kanatsekeka, B naye anatsala ndi timaso tiwiri tongʼonongʼono. Chifukwa chake nʼchakuti mzere sukhala kunja kwa njira, umakhala pakati penipeni: pa mamilimita 4 aja, 2 akutuluka kunja, 2 akudya mkati. Ukamanenepetsa mzere, chachikasu chikuchepa. Mankhwala ake ali mʼbokosi lija la Shift+Ctrl+F, pansi pa tsamba la Stroke style, pamene pali timabatani tosankhira chimene chiyambe kupakidwa. Ukasankha kuti mzere uyambe, utoto ubwere pamwamba, theka la mkati lija limabisika ndipo chilembo chimabwerera mʼthupi mwake. Timabatani timeneti nʼtatingʼono moti munthu ungathe mwezi osatiwona, chonsecho ntchito yake ndi yaikulu kuposa zambiri zimene aziika poonekera.

Patsamba lomwelo pali za ngodya. Mzere ukafika pokhota ungathe kukhala wosongoka, wobulungira kapena wodulidwa nsonga. Chipsepse chapamsana cha chambo chili ndi minga, ndiye ndinayamba ndi wosongoka. Minga ina inatuluka yakuthwa bwino, ina inaoneka yobuntha popanda ine kuigwira. Pali kanambala koletsa nsonga kutalika mopyola muyezo, kamene kamayambira pa 4. Ngodya ikapanikizana kwambiri, pulogalamu imangodula nsongayo yokha. Ukakweza kanambalako, minga imatalika ngati mikondo. Pamapeto pake ndasankha wobulungira paliponse. Nsomba yodyedwa isamaoneke ngati ikufuna kubaya kasitomala.

Diso nalo linali ndi zake. Njira yachidule ndi kujambula kabwalo koyera pamwamba pa mutu, ndipo pasikirini palibe angadziwe. Koma pagalasi kabwalo koyerako ndi chidutswa chinanso choti chidulidwe ndi kumatidwa pachokha. Chofunika ndi bowo lenileni, loti munthu aone mkati mwa shopu kudzera mʼdiso la nsomba. Ndinasankha thupi ndi kabwalo pamodzi nʼkudina Ctrl ndi chizindikiro chochotsera. Kabwalo kanapita, bowo linatsala, ndipo mzere wakuda unazungulira bowolo wokha popeza tsopano ndi mbali ya njira yomweyo. Pofuna kutsimikiza ndinakokera kabokosi kofiira kuseri kwa nsomba. Diso linafiira.

Chakumasana ndinadya mbatata ndi tiyi ndili pomwepo, kenako ndinayesa kuchepetsa chonsecho kuti ndione ngati chingakwanenso pa kapepala komata pa mapaketi. Nsomba inachepa koma mzere unatsala wonenepa chimodzimodzi, moti chinatuluka ndi chibuluma chakuda chokhala ndi kadontho ka buluu pakati. Pamwamba, mʼmizere ya zida za kamuvi kosankhira, pali batani louza mzere kuti uzikula ndi kuchepa limodzi ndi chinthucho. Kwa ine linali lozimitsa. Sikuti nthawi zonse liyenera kuyaka: amene akujambula pulani ya nyumba amafuna mizere yofanana ngakhale zipinda zisiyane kukula. Koma pa chizindikiro cha bizinesi, liyatseni.

Cha mʼma 3 koloko ndinatenga fulashi kupita kwa bambo wina amene amadula masitika mʼtauni. Anatsegula fayilo, nʼkusintha kaonekedwe kuti pasikirini patsale njira zokhazokha. Buluu yense, chikasu chonse, mzere wonenepa uja ndinauvutikira mʼmawa, zonse zii. Panatsala timizere toonda ngati ulusi.

“Achimwene, mpeni wa makinawa umaona izi basi,” anatero. “Uli ngati sizasi ya telala, imatsata choko. Mzere wanu wakudawo ngakhale unenepe bwanji, mpeni udutsa pakati pake kamodzi, wapita.”

Ndinafunsa kuti nanga mkombero wakuda uja utuluka bwanji. Anati mzerewo uyenera kusanduka chinthu pachokha, chokhala ndi mphepete yakunja ndi yamkati, kuti mpeni upeze poyenda. Mu Inkscape ndi Stroke to Path, Ctrl+Alt+C. Tinayesa pomwepo pa laputopu yanga. Mʼmaso palibe chinasintha, koma titabwerera ku njira zokhazokha, pomwe panali ulusi umodzi panali tsopano mizere iwiri yoyenda moyandikana. Chomwe chinali stroke chinasanduka fill yakuda yooneka ngati lamba. Anandichenjeza kuti ndisunge kaye fayilo ina ndisanatero, chifukwa zikasandulika sungalembenso 3 mʼmalo mwa 4 kuti mzere uonde, umayenera kukoka mfundo imodziimodzi. Zilembo nazo anati ndizisandutse njira ndi Shift+Ctrl+C, popeza kalembedwe ka zilembo (font) kamene ndasankha pakompyuta yawo palibe, ndipo makina angaikepo kena kalikonse.

Mimba ya nsomba ndinali nditaipaka utoto woyamba buluu kumsana nʼkumayera pangʼonopangʼono potsika, ndipo ndinkanyadira nawo. Bamboyo anangoloza mipukutu ya vinyl, pulasitiki yomata imene amadulapo masitika, yomwe inali pakhoma. Mpukutu uliwonse mtundu wake umodzi. Zosuluka choncho zimatheka pa sitika yosindikiza ndi inki, yomwe mtengo wake ndi wina. Pa yodula, mtundu uliwonse ndi chidutswa chake, ndipo buluu ayenera kulowa pangʼono pansi pa wakuda kuti pomata pasaoneke mpata wa galasi. Ndinawafunsa ngati onse obwera ndi mafayilo amadziwa zimenezi. Anaseka, nʼkuti ambiri amabwera ndi chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp nʼkumati chidulidwe lero lomwe.

Madzulo ano ndakonza mafayilo awiri, ina yokhala ndi mizere yosinthika, ina ya mpeni. Chatsala ndi mamba. Mwana uja anajambula ambirimbiri, ndipo pa Stroke style pali mizere yodukaduka imene ikanawatsanzira mosavuta. Koma kachidutswa kalikonse kotero munthu ayenera kukatokosola ndi kasingano akamaliza kudula, ndipo tochepetsetsa timamatuka msanga akamapukuta galasi. Ndisiya timizere titatu topinda pafupi ndi makha, tonenepa mamilimita 3, nsonga zobulungira. Mawa mʼmawa ndikayeza galasilo ndi tepi, chifukwa muyezo umene ndinapatsidwa pafoni ndi wakuti “ndi lalikulu ndithu.”